Dzanja Lamanja la Filipo

Amayi,

Kodi kumeneko kukucha bwanji? Musanayankhe, pukutani manja mukhale pansi, chifukwa amene akukulemberaniyu si Lazalo uja munkamuthamangitsa ndi mthiko kuzungulira nyumba ya njanji. Wagwira cholemberayu ndi Mkulu wa Mainjiniya onse a m'Nangongwe, Mlangizi wa Makina Oumba Pulasitiki kuyambira pa mlatho wa Kafue mpaka ku Shimabala. Pa udindowu ndinasankhidwa popanda wotsutsa, poti pamsonkhanopo ndinalipo ndekha. Munkanena kuti ndi Sitandade folo yangayi ndidzathera kunyamula matumba a fetereza. Matumbawo ndinanyamuladi mpaka msana unapindika, koma taonani kumene ndathera.

Kuno tilipo. Maondo okha ndiwo ayamba kulankhula ine ndisanatsegule pakamwa. Munda wanu wa ku Shimabala chaka chatha dzuwa linaudya wonse, tinangobwerako ndi mapesi, koma chaka chino wabweza ulemu. Chimanga chadzaza kachipinda kaja munkagonamo, maungu mpaka tagawirako aneba, ngakhale aneba amene mbuzi zawo zinali zitayamba kale kudzigawira zokha. Mukakumana ndi mpongozi wanu, mkazi wanga Esinati, kumeneko, mumuuze kuti malata a pakhitchini amene ankandikalipira aja ndikonza sabata yamawa. Sabata yake akuidziwa.

Tisa, mwana wanga wotsiriza, amene munamusiya mano akutsogolo atagweluka, tsopano ndi mayi. Anabereka mtsikana m'nyengo ya mvula ndipo tinamupatsa dzina lanu. Makutu ndi anu. Kakalipidwe nakonso n'kanu, moti akayamba kulira ine ndimangoimirira n'kupepesa, osadziwa chimene ndalakwa.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya Filipo, mwana wanu wa pamtima. Musakane, Amayi, tonse tinkaiona mbale imene chiwindi cha nkhuku chinkagweramo. Chaka chatha Filipo anagwa pabwalo akutsuka njinga yake. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mulungu anatibwezera munthu wathu. Mwendo unadzuka, akuyenda ndi ndodo, mawu akutuluka, ngakhale amatuluka molemera ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Chimene sichinabwerere ndi dzanja lamanja. Mkono umakwera, umatsika, koma zala zinapindikira m'kati ngati za khanda logona. Sizitola kanthu.

Ndiye apa pali mlandu wanu, ndipo muuyankha ndikadzafika. Mukukumbukira mmene munkatimenyera pamkono tikatambasula dzanja lamanzere? "Lamanzere ndi la kuthengo. Silipatsa munthu kanthu, silitola kanthu pamaso pa anthu." Ine mawuwo ndinkawapukutira kumodzi ndi misozi, monga mawu anu ambiri. Koma Filipo anawameza, wakalamba nawo. Chakudya akudya ndi lamanzere, inde, njala ilibe mwambo, koma amadya chitseko chili chotseka, ngakhale mkazi wake NaBanda amayamba wamutulutsa. Ndipo nsolo anaisiya.

Inu mukudziwa kuti Filipo wopanda nsolo si Filipo. Tili ana tinkakumba maenje kuseri kwa nyumba mpaka inu munabzalamo tomato pofuna kutikhaulitsa. Titapuma ntchito, masana aliwonse tinkakhala ndi madala anzathu pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndipo katswiri wa thabwa anali iye. Ine kuti ndimudye miyala ndinkachita kudikira ayetsemule. Ndiye atadwala ndinamuuza kuti, "Iwe, sewera ndi lamanzere, miyala siidziwa dzanja." Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti avule buluku pamsika. "Pa... anthu? Iyayi." N'kutembenukira kukhoma.

Miyezi inapita ali m'chipinda, makatani otseka. Mlamu wanga NaBanda, amene moyo wake wonse amandilandira ndi chipongwe, tsiku lina anandilandira ndi ulemu, kundipatsa mpando n'kugwada pansi. Pamenepo ndinachita mantha. "Alamu," anatero, "m'bale wanu akuzima ine ndikuona. Matenda anachoka, koma munthu akuzima." Mayi wa kuchipatala amene amawongola minofu anali atanenanso kuti mkonowo ukapanda kupatsidwa ntchito udzaumiratu. Filipo kumuuza zimenezo kunali ngati kulalikira chulu.

Tsopano ndikufotokozereni za makina, ndipo musaseke. Tisa amagwira ntchito ku mafakitale, koma kunyumba ali ndi kabizinesi kake. Anagula makina akale kwa munthu wina ku Lusaka, kabokosi kopanda zitseko, kukula ngati mbaula ziwiri zosanjikiza. Kamadya chingwe cha pulasitiki chokulungidwa pa gudumu, kamachisungunula, n'kumachilavula pa kamlomo kang'ono ngati nsonga ya singano, mzere pamwamba pa mzere, mzere pamwamba pa mzere, mpaka chinthu chaima. Nditaona koyamba ndinati, aa, awa ndi Amayi akuumba mbiya. Ndi mmene munkapotera dothi la kumtsinje m'manja n'kumalizunguliza mkombero pamwamba pa unzake. Kusiyana kwake n'kwakuti makinawa satukwana munthu akaima pafupi. Tisa amaumba zogwirira mafiriji, mabatani a sitovu, tizitsekerero ta mawindo a minibasi, tinthu tija timene kusitolo amakuuza kuti kulibe, gula chonse chatsopano.

Koma makinawo paokha ndi chitsiru. Nzeru zili mu laputopu, kakompyuta kopinda ngati buku la nyimbo. M'menemo muli pulogalamu imene Tisa amaitcha silaisa. Ntchito yake ndi kutenga chithunzi cha chinthu n'kuchidula m'tizigawo topyapyala, monga munkadulira chinangwa choyanika, kenako n'kuuza makina kuti apa yenda pang'onopang'ono, apa tentha chonchi, mzere unenepe chonchi, m'kati udzaze mwakuti. Ukalakwitsa nambala imodzi m'menemo, makina amakumvera bwinobwino n'kukuumbira zopusa ndi mtima wonse.

Nzeru yake anabwera nayo ndi Tisa, mwana ali kumbuyo. "Ba tate, nanga tikapangira ba tate ang'ono kanthu kovala ku dzanja? Kachikho kotapira miyala, kokhala na kamlomo kotulutsa umodzi-umodzi akapendeketsa. Zala sizifunika, mkono chabe." Anapita kwa Filipo masana ali m'tulo, NaBanda atagwira chitseko, n'kumuyeza dzanja ndi ulusi ngati telala wakuba. Pobwera anajambula kachikhoko mu laputopu, n'kundiitana kuti ndidzaone.

Kunja kanali kokongola. Koma atandionetsa m'kati, munali ngati zisa za njuchi, mphako zokhazokha.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ni infilu, ba tate. Mukati timaikamo pang'ono chabe, khumi na zisanu pa handiredi. Kwinako ni mphepo."

"Mphepo? Mng'ono wanga, mimba imodzi, ukamupatse mphepo?"

Amayi, ndinu munatiphunzitsa kuti mbale yopita kwa m'bale siipita ndi dzenje pakati. Munkatsendera ufa ndi chikhatho mpaka dengu kulira, mukuti, "Wachibale sapatsidwa chopepuka, angaganize kuti mtima ndi umene wapepuka." Ndiye ndinamuuza Tisa kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, adzaze chinthucho.

"Chizalema, ba tate. Dzanja yao ilibe mphamvu."

"Iwe, ndinakubereka ndine."

"Ee, koma laputopu simunaibale ndimwe."

Mwaona kakamwa kake? Nakonso n'kanu. Mwana analira, Tisa anapita naye kuchipinda kukamusintha thewera. Amayi, Chizungu chinandikana, koma manambala ndimawadziwa. Ndinavala magalasi, ndinapeza kabokosi ka khumi ndi zisanu kaja, ndinafufuta ndi chala chimodzi, ndinalemba handiredi. Poti chala chinali chitazolowera kale njira, ndinapezanso kabokosi ka kunenepa kwa mizere n'kukweza mpaka pamene kanakanira, kuti Filipo aone kuti kwathu sitiumira pulasitiki.

Tisa pobwera anayang'ana laputopu, anandiyang'ana ine. Ine ndinali kuyendera malata akudenga ndi maso. "Chabwino, ba injiniya," anatero. "Tiyeni tiumbe yanu, muione na maso yanu. Koma isachoke muno mu nyumba." Makina analira tsiku lonse, malaiti nawo, magetsi athu othimathima aja, tsiku limenelo anasankha kusapita, ngati akufuna kuonerera. Chinatuluka chinthu, Amayi. Cholemera ngati mwala wonolera mpeni, chokhakhala ngati chitsononkho cha chimanga. Ine ndinachikonda.

Lamlungu Tisa atapita ku tchalitchi chawo chija amalowa m'mawa n'kutuluka njala itayamba kulalikira, ndinaika chinthucho m'thumba la jekete. Ndipo poti chitsiru sichikonda kuyenda chokha, ndinadutsira ba Chanda, mbuya wathu wa Chibemba wa pansi pa mango, kuti akakhale mboni ya ulemerero wanga. Chimbuya chake ndi chija chonyozana mwanthabwala, iwo kutiseka ife a kum'mawa kuti timadya mbewa, ife kuwaseka kuti amadya anyani. Mukuwakumbukira, ndi aja anatipaka ufa kumaso pa maliro anu.

"Muli shani, ba kudya makoswe?" anatero ba Chanda polowa kwa Filipo, kupereka moni wa Chibemba. Masiku akale Filipo akanawabwezera za nyama ya anyani asanakhale n'komwe pansi. Tsiku limenelo anangogwedeza mutu. Ndinayala thabwa patebulo, ndinamumangirira chinthucho kudzanja ndi lamba, ndikulankhula ngati wogulitsa mankhwala m'basi. Filipo anayang'ana miyala. Ndinaona maso ake akuyenda m'maenje, akuwerenga monga kale. Anakweza mkono. Anatapa, miyala inalowa. Koma pofuna kupendeketsa, kulemera kuja kunakoka dzanja lonse, linamenya thabwa, miyala n'kumwazika mpaka kunsi kwa kabati. Anayesanso, chimodzimodzi. Ba Chanda, munthu woti amaseka ngakhale kumanda, anagwada n'kuyamba kutola miyala. Pomasula lamba tinapeza khungu lasupuka. Mizere yanga yonenepa ija inali itamupala, iye osamva n'komwe.

"Chotsa," anatero Filipo. "Osabwera... nazo... zidole." Anadzuka ndi ndodo yake, analowa kuchipinda, anatseka. NaBanda anandiperekeza mpaka pageti popanda chipongwe ngakhale chimodzi. Ndikanakonda akanandithira madzi otsukira mbale.

Safunsa anadya phula, munkatero. Ine ndinafunsa, ndinauzidwa, n'kudyabe.

Tisa sanakweze mawu. Anang'amba kansalu ka chitenge, anandipinda zala za kumanja n'kuzimanga zolimba. "Kuyambira lelo ndimwe ba tate ang'ono," anatero. "Chilichonse tizaumba, muyamba ndimwe kuvala. Mukafuna kusintha nambala, mukamba na pakamwa, osati na chala." Ndinati ndisekepo, koma madzulo ake batani la malaya linandigonjetsa. Ndinatenga kapu ya tiyi ndi lamanzere, mlendo wa Tisa ali pompo, ndipo ndinadzipeza ndikubisa kapuyo kuseri kwa bondo. Kani mawu anu aja ndinali nawo nanenso, anangokhala pansi pa nthabwala. Pamenepo ndinasiya kumuona Filipo ngati wamakani.

Ndiye tinayamba ntchito yeniyeni, Tisa akaweruka ndi Loweruka, malaiti akatikomera mtima. Kachikho kotsatira kanali ka zisa za njuchi, kopepuka bwino. Ndinavala, ndinagogoda nako pathabwa, kanathyoka pakhosi ngati bisiketi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinanena ine, koma Tisa anandionetsa pothyokapo. Sikanathyoke chifukwa cha mphepo ya m'kati. Tinali titakaumba choimirira, ndiye mizere inasiyana pamene imagundana. "Ni monga nkhuni, ba tate, imang'ambika kukonkha mitsempha." Anakagoneka chammbali mu silaisa kuti mizere iyende m'litali mwa khosi. Kugonekako kunabala vuto lake. Mlomo wa chikho unatsala m'malere, makina akulavula pulasitiki pamphepo, n'kutuluka zinthu ngati ndevu za chimanga. Anaika masapoti, timizati tongochirikiza tothyola pambuyo pake, monga mphanda zimene timachirikizira nthochi ikalemedwa ndi mkoko.

Kenako moto. Ukachuluka, m'kamlomo mumatsala ulusi ngati ukonde wa kangaude, miyala n'kumakodwa. Tinatsitsa, tinatsitsanso, mpaka mizere inakana kugwirana, kachikho n'kumasuka m'manja ngati mpukutu wa ulusi. Ndinamuuza Tisa mawu anu a pa ng'anjo, akuti mbiya ya moto wambiri imang'aluka, ya moto wochepa imalira ndi madzi oyamba. Anati, "Ambuya sanakambe nambala yake?" Ndinati munapita nayo. Tinaifuna tokha, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono, ngati munthu wofuna wailesi ya kutali.

Kuzizira kwa June nako kunalowerera. Mzere woyamba unkakana kumata pambale ya makina, ngodya n'kumadzuka ngati chikopa chouma. Tisa anachedwetsa mzere woyambawo kuti uziyenda ngati mkwatibwi, n'kuveka makina katoni kuti asamve mphepo. Ine amene ndimamva mphepo chaka chonse palibe anandivekapo katoni. Nthawi zina zonse zikuyenda bwino, tafika pakati, malaiti apita. Makina amangoima pomwepo, kamlomo m'malere. Tizikho ta theka tinachuluka pawindo. Kamodzi ndinapita nako kwa NaBanda kuti aziikamo mchere. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Alamu, chiyambire, ichi ndi chinthu choyamba chaphindu chimene mwalowa nacho m'nyumba muno." Mtima unakhala pansi. Chipongwe chabwerera, ndiye kuti ndakhululukidwa.

Mbali yogunda khungu ndi imene inatidyera nthawi. Tisa anapyapyalitsa mizere mpaka makina ankaoneka ngati sakuyenda, ine n'kumadandaula kuti tidzamaliza Filipo atameranso mano. Koma nditavala kokhakhala pang'ono masana onse, dzanja lomangidwa, ndinabwera ndi chizindikiro chofiira ndipo ndinapempha ndekha kuti achedwetsenso. Kuyesa kwake ndinkapaka kachikho pamlomo wanga, poti mlomo sunama pa zokhakhala, umangonama pa zina. M'kati anamatamo kansalu kofewa kodula ku bulangete la mwana. Anapita nako kwa mayi wa kuchipatala uja, iye anati afupikitse khosi kuti dzanja lisamapindike, tinabwerera ku laputopu, tinayambiranso. Kamlomo nako poyamba kankatulutsa miyala iwiri nthawi imodzi. Ine ndinati kasiyidwe choncho, kangathandize banja pa masiku ovuta. Tisa anakachepetsa.

Koma lembani ichi kumeneko, Amayi, muwauzenso atate. Pamene pamadutsa lamba pankang'ambika, ndipo pamenepo Tisa analola handiredi yanga. Kachigawo kake n'kochepa ngati chikhadabo, koma ndi handiredi.

Komaliza kanatuluka kachikasu, kosalala, kopepuka ngati chigoba cha dzira. Ndinasewera nako masana onse, dzanja lomangidwa, osatopa, osasupuka. Vuto linatsala limodzi, lalikulu kuposa onse, ndipo silinali mu silaisa. Filipo anali atauza NaBanda kuti ndikabweranso ndi chidole andithire galu. Galu alibe, koma mfundo inamveka.

Tisa anati tikamupepese, timufotokozere bwinobwino. Ndinati mwana wanga, za manambala ndakusiyira, koma Filipo ndi pulogalamu imene ndaiphunzira kuyambira ali wamaliseche. Ndinapangana ndi NaBanda kuti atibwereke thabwa la Filipo lenilenilo, lija anasema yekha. Ndinatenga ba Chanda. Tinakhala pakhonde, pansi penipeni pa windo la chipinda chake. Sitinamupatse moni, sitinamutchule. Ine dzanja lomangidwa, kachikho kachikasu kali pompo, tinayamba kusewera mokweza mawu.

Ndinasewera zopusa, Amayi, zopusa zoti ngakhale nkhuku ikanandilangiza. Ba Chanda ankandidya miyala n'kumaimba. "Aba bantu ba kum'mawa nsolo sibaziba," ankatero, nkhope italoza kuwindo. "Na uja mudala wa muno, nenze kumulekelela chabe. Chifundo. Manje aopa kuchoka panja, aziba ati chifundo chinasila, kulibenso." Tsiku limenelo windo linangokhala duu. Tinabweranso. Katani inagwedezeka, mwina inali mphepo. Tinabweranso, tinamva kutsokomola kwa munthu amene waima pafupi ndi galasi. Ba Chanda anayamba kutopa, anati mwina tikungozunza wodwala. Ndinati tiyese kamodzi kena.

Tsiku limenelo ndinatapa miyala, ndinayamba kugwetsa umodziumodzi, ndipo pakati pa mzere ndinadumpha dzenje dala, poyera, ngati munthu wodumpha chithaphwi. Ndodo inagogoda pagalasi.

"Wa... dumpha."

"Ba Chanda, mwamva kanthu? M'nyumba muno muli anthu?"

"Ni makoswe," anatero ba Chanda. "Yakamba Chinyanja."

Tinamva ndodo ikuyenda pasimenti, pang'onopang'ono. Chitseko chinatseguka. Anaima pamenepo, maso akuphethira ndi dzuwa, ndevu zosameta, atavala juzi lija la njanji. Anayang'ana thabwa lake, anayang'ana dzanja langa lomangidwa ndi chitenge, anakhala nthawi akuliyang'ana.

"Ukunyazitsa... mtundu," anatero. "Bwera... nacho."

"Ichi? Ndi chidole ichi, mng'ono wanga, si cha akuluakulu."

"Bwera nacho... galu iwe."

Amayi, ndamvapo makwaya ambiri, koma palibe inandikomera ngati chitukwano chimenecho.

NaBanda ndiye anamumanga lamba. Filipo anakweza mkono, anadikira kuti chimukokere pansi. Sichinamukoke. Anaukwezanso, anautsitsa, anayang'ana kachikho ngati kakumunamiza. Anatapa. Poyamba anapendeketsa kwambiri, miyala inagwera dzenje limodzi. Ba Chanda, Mulungu awadalitse ngakhale amadya zimene amadyazo, sanatole mwala ngakhale umodzi. Anangoti, "Endesa, mudala, nili na njala ya miyala yako." Filipo anatapanso yekha. Mwala unagwa, go. Mkono unasuntha. Wina, go. Wina. Anafika kumapeto kwa mzere thukuta lili pamphumi, ndipo sanayang'ane aliyense, maso anali kale pa maenje a ba Chanda.

Masewerawo anatenga nthawi yoti munthu akanapita ku Lusaka n'kubwera. Palibe anadandaula. Atamaliza, mbali ya ba Chanda inali yoyera ngati mbale ya mwana wamasiye. Filipo anawayang'ana n'kunena bwinobwino, mawu onse omveka, "Kadye anyani." NaBanda anathawira kukhitchini, akuti anyezi. Kenako Filipo analoza ine ndi kachikho kachikasu, n'kuloza pampando. Ndinamasula chitenge changa, ndinakhala. Ndipo poti ndine mkulu wake, ndiponso munthu wachifundo, ndinamulekerera kuti apambane. Wodwala amafunika kulimbikitsidwa.

Sindikunamizani kuti dzanja lachira. Zala zikadali zopinda, mwina zidzakhala choncho. Koma mkono ukulimba, mayi wa kuchipatala wanena. Masana ndimamudutsira, timayenda pang'onopang'ono mpaka pansi pa mango, iye ndi ndodo, ine ndi maondo anga, kachikho kali m'thumba la juzi. Madala ena ayamba kufunsa ngati kachikhoko kali ndi mankhwala. Iye tsopano ndiye wasanduka bwana wa Tisa. Akuti kamlomo kakuchedwa kutulutsa, akuti lamba asunthidwe, akuti mtundu wachikasu ndi wa ana. Tisa amangoti, "Ee, ba tate ang'ono," n'kutsegula laputopu. Ine ndikanena zomwezo amandiuza kuti ndikanyamule mwana. Pano akujambula china chogwirira supuni, ndipo Filipo wanena kuti chikatha, NaBanda asamatulukenso nthawi ya chakudya.

Za dzanja lamanzere zija sindikukuimbaninso mlandu kwambiri. Munatiphunzitsa zimene munaphunzitsidwa. Koma kamdzukulu kanu, kadzina lanu, kayamba kutambasula lamanzere pofuna chinthu, ndipo takambirana kuti tikasiye. Ngati muli ndi mawu, mubwere mukauze nokha, muone ngati mungakapose kukalipa.

Tikukusowani, Amayi. Ndikulonjeza kuti malinga maondowa akundinyamula, Filipo sadzakhalanso m'chipinda masana. Akakana ndidzakhala pansi pa windo lake n'kusewera zopusa mpaka atuluke, ndipo zopusa sizidzandithera. Mupereke moni kwa atate ndi kwa Esinati.

Ndine mwana wanu wokukondani, woyamba kubadwa ngakhale wachiwiri pa chiwindi,

Lazalo

Ndisanapinde pepalali, pali mzere umodzi umene ndapeka, ndipo poti kumeneko mumaona zonse, bola ndinene ndekha. Sindinamulekerere. Ndinasewera ndi zala zanga zonse zisanu ndi nzeru zanga zonse, ndinabisanso miyala iwiri pansi pa ntchafu. Anandidya yonse, kenako anatambasula dzanja lamanja, kachikho kali chagada, n'kudikira mpaka ndinaikamo iwiri ija.